ZA M'BANJA: Munda wa Mphesa ndi Munda wa Manachesi

Makolo a kuno ku Mwanza anazolowera kuona mabasi akuluakulu atandandalika pa chipata cha dziko, akudikira kuolokera ku Zobue, kupyola ku Tete ndi ku Zimbabwe, mpaka ku South Africa. M'mabasi amenewa mumakhalanso ana athu. Ambiri amathera ku Johannesburg, koma alipo ena amene amapitirira mpaka ku Cape Town ndi midzi yozungulira mzindawo, kumene kuli minda ya mphesa yosaoneka malire. Tsono pakapita miyezi, pa foni ya mayi pamafika chithunzi: mwana wavala bwino, kumbuyo kwake kuli mapiri ndi mizere ya mipesa, m'dzanja lake muli tambula ya galasi ya mwendo umodzi, ndipo walemba kuti anapita ndi anzake kukalawa vinyo. Makolo angapo atifunsa kuti kulawa kumeneku nchiyani, ndiponso ngati mwana wa Mpingo ayenera kupezeka pa malo otero. Funsoli ndi loyenera ndipo tiliyankha. Koma polifufuza tapezamo funso lina lolemera koposa, limene likhudza ife tomwe amene tatsala kuno ndi mitengo yathu ya manachesi.

Tiyambe ndi kulongosola chimene chimachitika, pakuti ambiri a ife vinyo timangomumva m'Buku Lopatulika ndi kumtchula pa tsiku la Mgonero. Ku Cape mvula imagwa m'miyezi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo mphesa zimapsa pa dzuwa louma la Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene kuno kuli mvula ya tsiku ndi tsiku yoti ikanaziwoletsa ndi chuku. Nchifukwa chake mpesa umakondwa kumeneko kuposa kwathu. Mphesa zikathyoledwa amaziphwanya, nathira madzi ake m'mathanki aakulu. M'madzimo muli shuga wambiri, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti timadya shugayo ndi kumsandutsa choledzeretsa, mpweya nkumatuluka ngati thovu. Louis Pasteur wa ku France ndiye anaonetsa poyera, m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, kuti ntchitoyi ndi ya tizilombo tamoyo. Koma mayi aliyense amene anaonapo thobwa likusasa litagonera masiku m'mtsuko akuchidziwa kale chinthuchi, ngakhale sanachiphunzire ku sukulu. Vinyo wofiira amamsiya kuti awire pamodzi ndi makoko a mphesa, ndiwo amampatsa mtundu. Woyera amamchotsera makoko msanga. Wina amasungidwa miyezi yambiri m'migolo ya matabwa, yambiri ya iyo yolowa malita 225. Pa magawo 100 a vinyo wa masiku onse, magawo 12 kufikira 14 ndi choledzeretsa, ndiko kuti mphamvu yake iposa ya mowa wa m'mabotolo kawiri kapena kuposerapo.

Alendo akafika pa munda wotere amalipira ndalama, nakhala pa gome pansi pa mitengo kapena m'nyumba yozizira bwino. Wantchito amawathirira pang'onopang'ono mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, akufotokoza mphesa zake, chaka chake ndi nthaka imene zinamera. Mlendo amayang'ana mtundu wa vinyoyo, amazunguza tambula, amanunkhiza, kenaka amaika pakamwa. Pa gome pamakhala kambiya kolavuliramo, popeza akatswiri enieni, amene amalawa mitundu yambiri pa tsiku limodzi, sameza. Koma tisanamizane abale: alendo ambiri amameza ndithu, ndipo akachoka pa munda umodzi amalowa wachiwiri ndi wachitatu. Ku Stellenbosch eni minda anagwirizana mu 1971 kukonza njira yoti alendo aziyenda munda ndi munda, ndipo madera ena anatsatira. Cholinga chake ndi malonda, kuti wolawa atuluke atanyamula mabotolo, abwerenso chaka chamawa. Ndipo tisayese kuti zoterezi ndi za kutali kokha. Ku Lilongwe kampani ya Linga yakhala ikupanga vinyo wa zipatso za kuno, monga jambula, magwafa, mapichesi ndi chidede.

Dziko la mphesa lija si lachilendo kwa ife a Presbyterian monga ena angaganizire. Vinyo woyamba wa ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck. Simon van der Stel anakhazika mudzi wa Stellenbosch mu 1679, natsegula munda wake wa Constantia mu 1685. M'chaka chomwecho cha 1685 mfumu Louis XIV ya ku France inafafaniza pangano la ku Nantes, limene linkalola Aprotestanti kupembedza mwa ufulu, ndipo Akhristu otchedwa Huguenot, otsata chiphunzitso cha John Calvin monga ife, anathawa kwao. Pafupifupi 200 a iwo anafika ku Cape kuyambira mu 1688, ndipo chigwa china chimene anakhalamo chikutchedwabe Franschhoek, ndiko kunena kuti ngodya ya Afalansa. Anthu amenewa anataya nyumba ndi minda chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo iwo ndi ana awo anakhala alimi a mphesa. Pakati pa minda yomweyo, ku Stellenbosch, panatsegulidwa sukulu ya ubusa ya Dutch Reformed Church mu 1859. Mbusa wotchuka Andrew Murray anatumikira ku Wellington, mudzi winanso wa mipesa, kuyambira mu 1871. Ndipo mwana wa mbale wake, A.C. Murray, anafika m'dziko muno mu 1888, nayamba ntchito pa Mvera mu 1889 pamodzi ndi T.C.B. Vlok. Umo ndimo munachokera abale athu a Sinodi ya Nkhoma, amene analowa mu CCAP mu 1926. Motero mwana wathu akaimirira pakati pa mizere ya mipesa ija, waimirira pa nthaka imene ili ndi mbali m'mbiri ya Mpingo wake.

Yankho lathu kwa achinyamata ndi lalifupi. Kuona munda si tchimo, ndipo pali zambiri zoti maso a mwana wa mlimi aone. Onani m'mene amadulira nthambi m'nyengo yozizira, mopanda kumvera chisoni mtengo, kuti zipatso zikule. Funsani za kumezanitsa: kachilombo kotchedwa phylloxera, kodya mizu ya mpesa, katapezeka ku Cape mu 1886, alimi anapulumuka pomezanitsa mipesa yawo pa mizu ya mipesa ya ku America imene kachilomboko sikaipha, ndipo luso lake ndi lachibale ndi lija timachita kuno pomezanitsa nachesi kapena lalanje pa tsinde la ndimu. Zimenezo bwerani nazo. Koma pa za tambulayo, mwambo wa Mpingo wathu mukuudziwa, ndipo malonjezo amene munachita pamaso pa mpingo sanatsale pa chipata cha Mwanza pamene anakudindirani pasipoti. Tikudziwa kuti pa ukwati wa ku Kana panali vinyo, ndiponso kuti Paulo analangiza Timoteo za mimba yake. Sitibisa mavesi amenewo. Tikudziwanso za Nowa, mlimi woyamba wa mphesa m'Buku Lopatulika, ndi manyazi amene anagwa pa nyumba yake. Mnyamata amene ali yekha kutali, wopanda amalume kapena mkulu wa mpingo womuona, ali ndi ndalama ya pa mwezi m'thumba, si munthu woyenera kuyesa mphamvu zake pa chinthu chimenechi. Minda yambiri imagulitsanso madzi a mphesa osawira. Pemphani amenewo, ndipo palibe amene adzakuthamangitsani.

Tsono tifike pa chimene mlendo sachiona ali pa gome lija. Kuseri kwa nyumba zoyera za eni minda kuli timanyumba ta antchito, ndipo mbiri ya timanyumba timeneti ndi yowawa. Minda yoyamba inalimidwa ndi akapolo, ochokera ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi ku zilumba za kum'mawa. Mu 1658, akapolo oyamba ambiri atangofika, van Riebeeck analemba m'buku lake kuti amene abwere kudzaphunzira mapemphero a Chikhristu azipatsidwa kachikho ka mowa waukali ndi kachidutswa ka fodya. Taganizani zimenezo, inu aphunzitsi a Sande Sukulu! Ukapolo unathetsedwa kumeneko mu 1834, akapolo namasulidwa kwathunthu mu 1838, koma eni minda anasunga chingwe china chomangira antchito, chosaoneka ngati unyolo. Ankapereka vinyo wotsika mtengo monga gawo la malipiro, m'mawa, masana ndi madzulo, kangapo pa tsiku. M'chinenero cha Afrikaans mchitidwe umenewu umatchedwa dop.

Ubwino wake kwa mwini munda unali woonekeratu. Vinyo woperekedwayo anali wosagulitsika, choncho malipiro oterewa sanamtayitse kanthu. Ndipo wantchito wozolowera kumwa kasanu pa tsiku sakanachoka pa mundapo, chifukwa thupi lake linkamkoka kubwerera m'mawa. Lamulo linaletsa mchitidwewu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, koma pa minda ina unapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990, kotero kuti lamulo la za mowa la mu 2003 linachita kuuletsanso. Chilonda chake sichinapole ndi lamulo. Madokotala amene anayeza ana a sukulu m'midzi ya minda ya m'chigawo cha Western Cape anapeza kuti chiwerengero cha ana opwetekedwa ndi mowa akali m'mimba chinali pakati pa zokwera koposa zimene zinapezekapo pa dziko lonse. Mayi woyembekezera akamwa, choledzeretsa chimadutsa m'magazi ake nkufika kwa mwana. Mwanayo amabadwa wochepa thupi, amakula mopinimbira, ndipo ubongo wake sugwira bwino maphunziro kwa moyo wake wonse. Palibe mankhwala obweza zimenezi. Ndipo chotilasa mtima ndi ichi: ambiri mwa eni minda amene ankathira vinyo m'zitini za antchito awo Loweruka ankakhala pa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi Lamulungu, ena a iwo ali akulu a mpingo, akuimba masalmo omwe timaimba ife.

Za malipiro pa minda ija sizinathe kuvuta. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa zakudya ku De Doorns ananyanyala ntchito, chifukwa malipiro ochepetsetsa a lamulo anali R69 pa tsiku. Mu 2013 boma linawakweza kufika pa R105. Mwana wathu akatiuza kuti wapeza ntchito pa munda wa mphesa, timfunse za malipiro ake, za pogona pake ndi za makalata ake, tisanamfunse za ndalama yotumiza kuno.

Nkwapafupi kupukusa mutu pa zochita za Mabunu. Ifenso anthu a kum'mwera kuno tili ndi chikumbukiro cha thangata pa minda ya Azungu, ndipo timadziwa kuwawa kwa kugwira ntchito yopanda malipiro oyenera. Koma tiyeni titembenuke tiyang'ane minda yathu. Mawu awiri awa, vinyo ndi kachasu, onse anatifika kuchokera ku Chipwitikizi, kudzera njira yomweyi ya ku Zambezi ndi ku Tete. Koma amene anakhazikika m'midzi mwathu ndi kachasu, amene amachita kutchezedwa, ndipo ukali wake uposa wa vinyo kutalitali. Nyengo yozizira ikafika, manachesi amapsa onse nthawi imodzi kuyambira ku Thambani mpaka ku mapiri a Neno, boma limene linapatuka ku Mwanza mu 2003. Milu ya zipatso imadzaza m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, malole a ogula amafika, mtengo umagwa, ndipo zosagulidwa zimaola. Mlimi amafuna manja ambiri mwamsanga: okwera m'mitengo, otola, osankha, osenza madengu kuchokera kudimba kapena kuphiri kufika pamsewu. Ndalama alibe kufikira wogula atalipira. Pamenepo ndipo pamabwera mawu aja amene tonse tinawamvapo: thyolani, madzulo kuli velemoti yanu.

Ena adzati umenewu ndi mwambo wa makolo, ndiwo dima. Ife tikuti ayi, ndipo kusiyana kwake nkofunika kukumvetsa. Pa dima anthu a mudzi umodzi ankalima munda wa mnzawo lero, mawa nkupita ku munda wa wina, mpaka minda yonse itatha. Mowa kapena chakudya cha pa dima sichinali malipiro. Malipiro enieni anali khasu la mnzako lobwera m'munda mwako tsiku lako likafika. Akhristu oyamba anaona kuti chinthucho nchabwino, anangochotsapo mowa naikapo thobwa, dima nkumapitirira. Waganyu sali chomwecho. Iye alibe munda wa manachesi woti inu mudzamthandize kuthyola. Wabwera chifukwa kunyumba kwake ufa watha, sopo palibe, mwana wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha yunifolomu. Mukampatsa botolo m'malo mwa ndalama, thukuta lake la tsiku lonse lathera pakhosi pake, ndipo mkazi wake ndi ana ake, amene anamdikira ndi poto pa mafuwa, sanalandire kanthu. Mawa adzabweranso kwa inu, osati chifukwa mumalipira bwino, koma chifukwa cha ludzu limene mwamuyambitsira. Kodi pamenepa tasiyana pati ndi mwini munda wa ku Cape?

Mkhristu wina amadzitonthoza ponena kuti iye samwa, ndipo botololo sanaligwire. Anangouza mayi wotcheza kuti anyamatawo akamwe pa ngongole yake. Mneneri Habakuku, pa mutu 2 ndime 15, ali ndi mawu oopsa kwa munthu womwetsa mnzake, ndipo sitiona kuti kutuma wina kuthira kumachepetsa mlanduwo. Onaninso amene amagwira ntchito ya manachesi. Okwera m'mitengo kawirikawiri ndi anyamata opepuka thupi, ena a msinkhu wa ku pulayimale, amene lamulo la dziko silimalola kuwagulitsa mowa asanakwane zaka 18. Osankha ndi osenza ambiri ndi amayi, ena a iwo oyembekezera. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa cha m'mene unkaonongera ana, koma lamulo lotero silifika pansi pa mtengo wa nachesi pamene mwini munda ali yekha ndi aganyu ake. Pamenepo pamafika chikumbumtima chokha.

Malembo sanatisiye mumdima pa nkhani ya malipiro. M'fanizo la pa Mateyu 20, mwini munda wa mphesa anapangana ndi antchito za malipiro ntchito isanayambe, ndipo dzuwa litalowa anawalipira ndalama, ngakhale kuti munda wake unali wa mphesa ndipo kuwapatsa vinyo kukanakhala kwapafupi. Levitiko 19:13 ndi Deuteronomo 24:14-15 amalamula kuti mphotho ya waganyu wosauka isagone kwa wolemba ntchito, iperekedwe tsiku lomwelo, popeza moyo wake wadalira pomwepo. Yakobo 5:4 amatichenjeza kuti malipiro obisidwa a okolola ali ndi mawu, ndipo Mulungu amawamva. Tionjezepo kanthu kakang'ono kokondweretsa: Deuteronomo 23:24 amalola munthu kudya mphesa ali m'munda wa mnzake, koma osaika m'chotengera. Choncho mwini munda amene amakalipira mnyamata chifukwa wasenda manachesi awiri ali mumtengo, waposa Mose pa kuuma mtima.

Sitikunyoza vuto la mlimi. Tikudziwa kuti wogula wa pa lole ndiye amatchula mtengo, ndipo ena amagula mtengo wonse zipatso zisanapse, pa ndalama yochepa, mwini wake ali pa njala ya Febuluwale. Wopanikizidwa amapanikiza amene ali pansi pake. Koma njira zilipo, ndipo si zachilendo. Panganani ndi aganyu musanayambe, pa dengu kapena pa tsiku, pamaso pa mboni, ndipo madengu awerengedwe onse akuona. Ngati ndalama idzapezeka lole ikabwera, nenani chomwecho poyamba, ndi kupereka lero chimanga, ufa kapena nyemba zoti zikalowe m'nyumba. Chakudya chimafika kwa ana, pamene botolo silidutsa pa mphambano. Masana pakhale thobwa la tsiku lomwelo ndi chinangwa kapena mbatata. Mabanja a mpingo umodzi amene ali ndi minda yoyandikana angathe kudzutsanso dima leniweni, kuthyolerana mosinthana, ndiponso kugulitsa pamodzi kuti wa lole asamawagawe mmodzimmodzi. Ndipo mwana wa sukulu akathandiza Loweruka, ndalama yake idziwike kwa makolo ake.

Tikupempha abusa ndi akulu a mpingo kuti nkhaniyi ilowe m'bwalo la seshoni nyengo yothyola isanafike, osati itapita. Kawirikawiri timaitana wakumwa kudzamuweruza, iye nakhala pansi miyezi ingapo, koma amene anamlipira ndi botolo amabwera Lamulungu lotsatira ndi chakhumi cha manachesi omwewo, ife nkulandira ndi manja awiri. Amayi a Mvano, amene amayenda m'makomo ndipo amadziwa nyumba imene bambo anabwera chimanjamanja kuchokera ku ganyu, angathe kuthandiza akulu a mpingo kudziwa minda imene izi zikuchitika. Mwini munda ayenderedwe kaye kunyumba kwake ndi akulu awiri, monga mwa dongosolo la pa Mateyu 18, nkhani isanafike pa bwalo.